Diso la mayi Nyasemba

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi mlamu wanga, amene ankayendetsa ambulansi pa chipatala china kuno ku Nsanje. Achipatalawo ankafuna munthu wodziwa Chisena ndi kupalasa njinga, woti aziyenda ndi a zamaso m'midzi. Wamkulu wanga pa ntchitoyo anali bambo Alufazema, munthu wa pakamwa powawa. Tsiku loyamba anayang'ana zikhadabo zanga n'kunena kuti, "Ndi zala zimenezo uchititsa khungu boma lonse."

Ankandiphunzitsa mokalipa, koma ndinaphunzira. Umapukuta zala ndi sipiriti, wodwala ayang'ane pansi, ugwire nsidze, n'kupinda chikope pa kamtengo ka thonje. Ukaunika ndi tochi n'kuona timatuza toyera ngati mapira, ndiye kuti kachilombo ka klamidiya kalowa. Kamabisala m'kati mwa mnofu wa chikope, kuswana momwemo mpaka kuphulika n'kugwira pena. Ntchentche, zala ndi nsalu yopukutira ana kumaso ndizo zimakanyamula. Kakabwerezabwereza, chikope chimachita zipsera n'kupindikira m'kati, nsidze n'kumakanda diso mpaka kuyera. Ana tinkawapatsa mafuta a tetrasaikilini, opaka m'maso kawiri pa tsiku kwa masabata asanu ndi limodzi. Akulu opindika zikope tinkawalembera opaleshoni. Bwanayo anandiuzanso kuti kachilomboka kali ndi m'bale wake woyambitsa matenda a kumaliseche, ngakhale ka m'maso sikadzera kumeneko.

Mwezi wa Okutobala tinasonkhanitsa anthu kwa Tengani, dzuwa likuswa mtengo. Panali mayi Nyasemba, amene ankayenda ndi kachitsulo kozulira nsidze atakamangirira m'khosi. Diso lawo limodzi linali litayera kale, linalo likuonabe, ndipo anali atavomera kukwera galimoto Lachisanu kukachitidwa opaleshoni. Bambo Alufazema anandiuza kuti ndifotokoze za ntchentche basi. Ine pofuna kuoneka wophunzira ndinaloza mayiwo n'kuyamba kufotokoza za m'bale wa kachilombo uja, pamaso pa apongozi awo, akamwini ndi ana.

Sindinamalize n'komwe. Amuna awo anadzambatuka: "Iwe mwana iwe, ukuti mkazi wanga ndi woyendayenda?" Wapampando wa amayi a chipani anandiloza chala, pepala loti alembepo dzina langa lili m'manja: "Watukwana mbumba! Dzina lako ndani?" Masiku amenewo kunyoza mayi pagulu kunali kuputa mtsogoleri wa dziko, ndipo anthu ankasowa pa nkhani zochepa kuposa imeneyo. Machubu a mafuta aja anthu anatigenda nawo. Bambo Alufazema anagwada m'fumbi kupepesa, mpaka mayi wa chipaniyo anapinda pepala lake. Panjira bwanayo anangoti, "Chitsiru iwe. Wandilanda diso loti tikanalipulumutsa." Ndinawada tsiku limenelo, chifukwa sankanama.

Lachisanu ndinapalasa ndekha kukawatenga mayi Nyasemba kuti akakwere galimoto. Sanatuluke. Anandiyankha ali m'nyumba: "Nkhabe, mwananga, sindipita. Ndikakwera galimoto yanuyo ndiye kuti ndavomera zimene munanenazo."

Ndinabwererako katatu, ndipo kachitatu amuna awo ananditulutsira chikwanje. Kuchokera pamenepo ndinagwira ntchito ya maso mpaka kupuma, koma sindinanenenso za matenda a munthu pagulu, ngakhale zoona zokhazokha. Ndimamutengera kuseri kwa nyumba, n'kuyamba ndafunsa chimene akuopa.

Chaka chotsatira ndinawaona mayi Nyasemba pamsika wa thonje, mng'ono wawo atawagwira dzanja. Ndinaima pamaso pawo penipeni, n'kuwapatsa moni. Anatembenuzira khutu kwa ine n'kufunsa kuti ndine ndani.