Matayala Ofewa a Tiya

Tiyamike, amene tonse timangoti Tiya, ndi mdzukulu wanga, mwana wa Matilda. Pa adzukulu anga onse ndi yekhayu amene anatengera miyendo ya agogo ake aamuna. Malemu amuna angawo, a Thompson, ankakonza njinga pansi pa mtengo wa bwemba pamsika wa Nchalo kwa zaka makumi atatu, ndipo Tiya anaphunzira kupalasa pomwepo, atalowetsa mwendo pansi pa chitsulo chapakati chifukwa chishalo sankachifikira.

Ine ndinabwera kuno ku Middlesbrough mu 2005, Matilda atandiitanitsa. Iye ndi namwino. Tiya anali atayamba ntchito ya keya, yoyenda khomo ndi khomo kusambitsa okalamba, kuwaphikira phala ndi kuwapatsa mankhwala. Makomo asanu ndi limodzi m'mawa umodzi. Mabasi ankamutayitsa nthawi, ndiye chaka chotsatira anagula njinga yakale yobiriwira, yolemera ngati chitseko, ya kaliyala kumbuyo ndi basiketi kutsogolo.

Ntchito imeneyi ili ndi lamulo lake. Ukangolowa m'nyumba ya wokalamba umaimba ku ofesi pafoni ya m'nyumbamo, makina n'kulemba nthawi imene wafika. Sunganame. Ndipo njinga ija inayamba kuphwa. M'mwezi umodzi inaphwa kanayi, Tiya n'kuchedwa kawiri. Bwana wake, mayi wina dzina lake Fiona, anamuuza mosakalipa kuti akachedwanso kachitatu amuchotsa pamndandanda.

Mwanayo sanali waulesi, ndikane pamaso pa aliyense. Madzulo ankakhala pakhomo lakumbuyo ndi beseni la madzi, kumiza chubu mpaka aone pamene pakutuluka thovu, kupala, kupaka guluu, kudikira kuti aume kaye asanamate chigamba, ndendende mmene ankachitira agogo ake. Ankasunganso lamulo lawo lalikulu. Kwathu ku chigwa dzuwa likafika pamutu phula limafewa, chubu chopopa kwambiri chimaphulika, zigamba zimamatuka. Choncho a Thompson ankati upope mpaka chala chachikulu chizilowabe pang'ono ukadina, ndipo njinga uziisiya pamthunzi. M'mawa uliwonse ineyo ndinkadina matayala a Tiya asananyamuke. Akalimba ndinkaphwetsako.

Lamlungu lina kunabwera Rodrick, mwana wa mwana wanga wamwamuna. Anamaliza yunivesite, amagwira zamakompyuta ku Manchester, ndipo anabwera pasitima ndi njinga yake yofiira, imene mtengo wake akuti ungagule galimoto yakale. Iye ndi Tiya ndi asuweni, ndiye kunyozana n'kwa tsiku ndi tsiku.

"Mkazi wanga," anatero Rodrick akuyang'ana njinga yobiriwira ija, "ichi si njinga. Ndi ngolo, yangosowa ng'ombe."

"Nanga yakoyo, mwamuna wanga? Yoonda ngati udzudzu. Inganyamule thumba la chimanga?"

"Chimanga ndikachipeza kuti ku Manchester? Vuto lako ndi zotchipa. Tenga yangayi milungu iwiri, uone mmene anthu amakhalira."

Anaisiyadi. Ndipo kunena zoona, masiku khumi oyambirira sinaphwe ngakhale kamodzi. Koma inalibe kaliyala, choncho chikwama chantchito chinali pamsana. Inalibe madigadi, mvula ikagwa Tiya ankabwera ndi mzere wa matope kuyambira m'chiuno mpaka m'khosi. Chishalo chake chinali ngati mpeni. Poopa akuba ankailowetsa m'nyumba iliyonse imene wapita. Rodrick ankaimba madzulo aliwonse, ndipo tsiku lina anafunsa za njinga asanandipatse moni. Ndinamuuza zoti sadzaiwala.

Njinga imeneyo sindinkaikhudza, si yathu. Koma mu Julaye wayilesi inalengeza kuti kubwera kutentha kwakukulu, azungu n'kuyamba kuyenda opanda malaya. M'mawa wa Lachinayi, Tiya akusamba, ndinadina tayala. Mwala weniweni. Mumtima ndinati chinthu cha eni ake chiphulika mwana wanga ali pamwamba. Ndinapotokola kavalavu kake, ndinaphwetsa matayala onse awiri mpaka chala chinalowa. Sindinamuuze. Kwa ine sinali nkhani.

Zotsalazo anandifotokozera yekha. Khomo lake loyamba linali la a Rowland, nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi atatu, amene amayenera kumwa mankhwala 8 koloko. Potuluka m'paki yomwe amadulira, anakwera kachitunda ka simenti ka m'mphepete mwa msewu, tayala lakumbuyo n'kuphweratu. Panatsala mphindi khumi ndi ziwiri. Anaiponya njingayo paphewa n'kuthamanga nayo, yunifolomu ili chinyowere ndi thukuta. Makina a ku ofesi analemba kuti wafika patatsala mphindi ziwiri. Makomo enawo ali m'misewu yoyandikana, anawayenda wapansi, njingayo ataisiya kwa a Rowland.

Masana atabwerera kukawapatsa chakudya, a Rowland anamuuza kuti atulutse chubu. Iwowa anagwira ntchito ku fakitale ya zitsulo, ndipo ankapita panjinga zaka makumi anayi. Anavala magalasi, n'kumuonetsa timabowo tiwiri toyandikana.

"Galasi kapena msomali zimaboola malo amodzi," anatero. "Awiri chonchi ndiye kuti tayala linali lofewa, pogunda chitunda chitsulo cha gudumu chinaluma chubu. Amakupopera ndani?"

Madzulo Tiya anakatenga machubu akale amene ankawakoleka pamsomali, n'kuwayala pathebulo.

"Agogo, munaikhudza njinga ya Rodrick?"

"Ndinaphwetsako pang'ono. Dzuwa lija sunalione?"

"Agogo, dzuwa lija kukanakhala ku Nchalo bwenzi mutavala juzi."

Anandiuza mawu a a Rowland. Ndinapsa mtima. Ndinati mzungu amene sanaponde pa Nchalo asaphunzitse amuna anga ntchito ali m'manda.

"Sananyoze ayi," anatero Tiya. "Ndawafotokozera za kwathu. Akuti ndi dzuwa lotero, ndiponso machubu a zigamba khumi, iwonso akanachita chimodzimodzi. Koma kuno kulibe dzuwa lophulitsa chubu. Kuli zitunda. Taonani nokha."

Ndinayendetsa chala pamachubu aja. Zigamba zinali ziwiriziwiri, kapena chimodzi chachikulu chophimba mabowo awiri. Onse. A Thompson sanalakwe, ndipo mpaka lero ndimatero. Ndinalakwa ndine, ponyamula lamulo la m'chigwa n'kufika nalo dziko lozizira, ndipo ndinatsala pang'ono kuchotsetsa ntchito mwana wa mwana wanga. Ndinamuuza zimenezo. Iye anangondigwira dzanja n'kundifunsa ngati ndikufuna tiyi.

Loweruka ndinamutuma Matilda kuti agule pampu yoimika pansi, yokhala ndi kawotchi koyeza mpweya. Pambali pa tayala lililonse pamalembedwa nambala ya mpweya wofunika, ine zaka zonsezi sindinkadziwa. Tiya anandionetsa, ndipo ntchito yopopa ndinaitenga ine.

Rodrick atabwera kudzatenga njinga yake anali akumwetulira kale asanakhale pansi.

"Ndiye bwanji, mkazi wanga? Yodula ndiye yokoma, eti?"

"Pamtsetse Lamlungu, wopanda katundu, imakomadi, imauluka," anatero Tiya. "Paphewa imanyamulikanso bwino, zimenezo ndikuyamika. Koma milungu iwiri ndakhala ndikuilera ngati khanda. Yangayi ndimaimangirira pampanda n'kulowa kukagwira ntchito mtima uli m'malo."

"Koma sinkaphwa."

"Sinkaphwa chifukwa cha mpweya, osati mtengo. Ngakhale yakoyo inaphwa itakumana ndi Agogo."

Rodrick anandiyang'ana, kenako anawerama n'kudina tayala la njinga yake.

Papita zaka ziwiri tsopano, ndipo makina a ku ofesi sanalembenso kuti Tiya wachedwa. Atsikana atsopano akalowa ntchito, a Fiona amawatumiza kwa iye. Amawauza kuti aziyenda ndi chubu chapadera m'chikwama, chifukwa kumata chigamba pamsewu zala zitauma ndi chisanu n'kutaya nthawi. Amati loko azikoleka pathupi la njinga, osati pagudumu lokha, ndipo podutsa magalimoto oimika azitalikira chifukwa chitseko chimatseguka osachenjeza. Nyengo yozizira, pamene amathira mchere m'misewu, tcheni chimafuna kupukuta ndi mafuta sabata iliyonse, ndipo nyali uziyatsa ngakhale 4 koloko masana. Pomaliza amawadinitsa tayala lake kuti chala chidziwe.

Njinga ikadali yobiriwira yomwe ija. Lolemba lililonse m'mawa ndimaipopa mpaka kawotchi kafike panambala yake, chala osalowa. Koma tsiku limene dzuwa latuluka ku Middlesbrough kuno, Tiya akaisiya pabwalo, ndimaikokerabe pamthunzi wa mpanda. Iye amandiona pawindo n'kungondisiya.