Malo amene bambo sanayenera kupitako

Chaka chimene ndinasankhidwa kupita ku sekondale yogonera konko, panalibe mtsikana wa kwathu ku Nsaru amene ankadziwa malo achisangalalo a mu Blantyre kuposa ine. Ndinkadziwa kumene kumakhala oimba Lachisanu, kumene amawotcha bwino nkhuku, ngakhale khomo lolowera munthu wosafuna kuonedwa. Zonsezi ndinkazidziwa ndisanafike n'komwe mu Lilongwe, ndili mwana woti mlendo akandipatsa moni ndinkayankha ndikuyang'ana zala zakuphazi.

Bambo anga anali mphunzitsi wa pulayimale. Mu Disembala, sukulu zitatsekera, anawaitana ku kosi ya masabata awiri ku Blantyre, kumene anali asanapiteko chibadwire. Lamulungu masana kunabwera akuluakulu awiri kudzawapatsa malangizo: a mlembi a mpingo wathu, ndi amalume anga, amene anali mkulu wa mpingo. Mayi anali atapita kukazonda wodwala. Ine ndinaika mbale ya mango pakhonde, n'kukakhala kuseri kwa chitseko ndi kabuku kanga. Linali kope wamba lokutidwa ndi pepala la khaki, ndipo ndinkalembamo madzulo alionse zimene ndinkalephera kunena masana.

"Aphunzitsi," anayamba a mlembi, "Blantyre masana ndi mzinda, koma usiku ndi dzenje. Mukaweruka anzanu adzati tiyeni tikawongole miyendo. Musadzalole."

"Ine ndizikangogona," anatero bambo.

"Ayi, muyenera kuwadziwa malowo, mungalowemo mosadziwa."

Bambo anaona kuti ndi nzeru. Anandiitana. "Iwe, uli ndi bolopeni? Lemba zimenezi, ndingaiwale."

"Mukatsika basi, osakhotera kumanzere," anatero a mlembi. "Mukakhotera kumanzere muona sitolo ya nsapato, kenako kanjira kotsetsereka, kenako nyali zofiira. Pamenepo ndiye osapitapo."

"Makamaka Lachisanu," anawonjezera amalume. "Lachisanu kumakhala oimba. Wagitala wake ndi wamanzere."

"Wamanzere uja anachoka, achimwene. Pano kuli wina wamfupi," anatero a mlembi.

"Eti? Anachoka liti?"

"Ndinangomva."

"Inenso ndinkangomva."

Anali anthu a makutu abwino kwambiri. Anamva kuti pa malo achiwiri nkhuku imapsa bwino cha m'ma seveni, ndipo ukachedwa umapeza makosi okhaokha. Anamva kuti pa malo achitatu mpando wabwino ndi wa pazenera, chifukwa enawo amagwedera. Anakangana pang'ono ngati masitepe ake ndi a simenti kapena a matabwa, ndipo aliyense anaumirira zimene anamva. Ine ndinkalemba, mtima uli wodzaza ndi ulemu poona mmene anthu a Mulungu amavutikira kufufuza tchimo mpaka kudziwa mpando wake wosagwedera.

Potsanzika, a mlembi anatsitsa mawu. "Mukamadutsa pa nyali zofiira paja, kungodutsa, mukafunse mlonda wa pakhomo ngati anasunga ambulera yabuluu ya chogwirira chokhota. Osalowa. Mlondayo ndi wa ku Nambuma, munthu wokhulupirika."

Bambo anavomera. Iwo anali munthu woti mkulu wa mpingo akawauza kuti ambulera inayenda yokha kupita kubala, ankangomvera chisoni ambulerayo.

Madzulo amenewo ndinalemba m'kabuku zonse mmene zinayendera, uyu anati, uyu anati, monga ndinkachitira masiku onse. Kenako pa tsamba lina ndinasanja malowo bwinobwino, ndi njira zake ndi masiku ake, ndisanawakopere bambo pa pepala loyera. Mawu akuti "osapitako" sindinawalembe, poti bambo ankadziwa kale. Ndipo pansi pake, ndikuyang'ana koloboyi wathu akufuka utsi, ndinawonjezera mzere wanga: "Nyali zofiira ziyenera kuti n'zokongola. Tsiku lina ndidzaziona."

Patapita masiku anayi bambo atanyamuka, mayi ankakutumula mphasa yanga, kabuku kaja n'kugwa. Mwa masamba onse, kanasankha kutseguka pa tsamba la malo aja.

Sanakalipe. Anawerenga pang'onopang'ono chala chili pa mzere, monga ankawerengera buku la nyimbo. Atamaliza anatenga sutikesi imene anandigulira ya kusukulu, n'kuikweza pamwamba pa kabati.

"Sukupita," anatero. "Ngati uli m'nyumba mwanga muno ukudziwa izi, ukamakagona kutali udzabwera ndi chiyani?"

Sukulu inkatsegulira mu Januwale, ndipo wosapita malo ake ankapatsidwa kwa wina. Ndinkadziwa zimenezo. Ndinkadziwanso yankho. Koma mwana amayamba bwanji kuuza mayi ake kuti mchimwene wawo, amene amagawa mgonero, akudandaula kuti wagitala wamanzere anachoka? Ndinangolira, ndipo kulirako kunakhala umboni.

M'mawa mwake mayi anaitanitsa mayi mlangizi, amene ankalangiza atsikana a mumpingo. Anali akazi a mlembi aja. Kunkagwa mvula, ndipo anafika atafunda thumba la feteleza kumutu.

"Musandiseke, anzanga," anatero akulikutumula pakhomo. "Ambulera yanga anawabera abambo akunyumba m'basi, atapita ku msonkhano wa mpingo ku Blantyre. Dziko laipa."

Anakhala pampando, ine pansi. Anawerenga tsamba lija akupukusa mutu.

"Nkhuku cha m'ma seveni. Mpando wa pazenera. Kodi mwanawe, wakuphunzitsa izi ndani?"

Ndinayang'ana zala zakuphazi.

"Ndi kondakitala wa minibasi, eti? Amenewo ndi amene amayamba ndi nthano za m'tauni."

"Yankha," anatero mayi.

"Musavutike, mayi. Ofatsawa ndi amene amaopsa. Ife timawadziwa. Mwana amene sayankhula amakhala akusunga zinthu."

Pamenepo ananena zoona, ngakhale sanadziwe kuti ndasunga za ndani. Ndinayang'ana sutikesi pamwamba pa kabati. Inali yobiriwira, ndipo ndinali nditaikamo kale sopo ndi masiketi awiri. Ndinakwawa ndi maondo, ndinatenga kabukuko m'manja mwawo, ndinabweza masamba awiri m'mbuyo, n'kuwapatsanso ndi manja awiri. Zolankhula zonse zinali kale pa pepala.

Mayi mlangizi anayamba kuwerenga mokweza, ndi mawu awo owerengera mavesi. "Lamulungu. Kwabwera a mlembi ndi amalume. A mlembi akuti Blantyre usiku ndi dzenje." Anagwedeza mutu movomereza. Atafika pa wagitala, mayi anasiya kugwedeza phazi. Atafika pa nkhuku, mawu a mayi mlangizi anachepa. Kenako anawerenga kuti, "ambulera yabuluu ya chogwirira," n'kulekera pomwepo.

Mvula inkamveka pa malata. Thumba la feteleza linkadontha pakhomo.

"Mwanayu amalemba bwino," anatero pomaliza. "Zilembo zake n'zooneka." Kenako anatembenukira kwa ine. "Ungandikopereko tsamba limeneli, mwanangu? Osasiya mawu ngakhale amodzi."

Ndinawakopera. Anapinda pepalalo kanayi, n'kulimanga pa nsonga ya chitenje, n'kufundanso thumba lawo. Sanatsanzike bwinobwino, anali pa changu.

Mayi sanapepese. Anakwera pa mpando, anatsitsa sutikesi ija, anaipukuta fumbi limene panalibe, n'kunena kuti ndisamalembe nkhani imodzi m'masamba awiri. Lamulungu lotsatira a mlembi anawerenga zolengeza motsitsa kwambiri moti akumbuyo anadandaula. Amalume sanapondenso pakhomo pathu mwezi umenewo. Tinamva kuti fodya wawo ankafuna chisamaliro chapadera.

Bambo anabwera Loweruka, mvula ikugwanso. Tinawaonera patali akutsika kuchokera ku siteji, ali owuma bwinobwino pansi pa ambulera yabuluu.

"Ndaipeza!" anatero asanavule n'komwe nsapato. "A mlembi akondwa. Kungoti mlonda wa ku Nambuma uja sanali pakhomo, ndiye ndinachita kukafunsa mkati."

"Munalowa," anatero mayi.

"Kungofunsa basi."

"Linali tsiku lanji?"

"Lachisanu."

Mayi anawalandira chikwama mwaulemu, n'kuwaikira mpando. "Nanga wagitala wake, ndi wamfupi uja?"

"Ayi, wamanzere uja anabwerera, ndipo munthu amene uja akagwira…"

Anasiyira pomwepo. Anayang'ana mayi, anayang'ana ambulera, kenako anayang'ana ine.

"Iwe," anatero mayi osatembenuka, "katenge kabuku kako. Abambo ako ali ndi zambiri zimene anamva."