Chibonga cha Tauni M'kabedi ka Damaris

Gu. Gu. Gu.

Keziah Thrupp anamva kugogodako ali pakati pa tulo ndi maso, phazi lake likugwedeza kabedi ka mwana monga linkachitira usiku uliwonse mwini wake osalituma. Poyamba anayesa ndi ngolo, pakuti zipinda zawo ziwiri zinali pamwamba pa chipata cha tauni ya Harnwick, ndipo chilichonse cholowa kapena chotuluka chinkawadutsa kunsi kwa msana. Koma chipata chinali chotseka. Anaimitsa phazi, phokoso nalo zii. Anagwedezanso. Gu.

Anatsika pabedi n'kupisa dzanja pansi pa Damaris, mwana wake wa miyezi isanu, kupyola kabulangete, kupyola udzu. Zala zake zinakhudza chinthu chozizira ngati mwala wa pachitsime. Kandulo sanaifune. Chinthucho ankachidziwa ndi manja: kachisoti kachifumu kumutu kwake, masamba osema m'mbali, ndi pobonyoka paja pamene meya wina anachigwetsera pansi atakhuta mowa. Chinali chibonga chasiliva cha tauni.

"Bambo a Damaris. Inu. Dzukani."

Mwamuna wake Gilbert sanali m'tulo. Wogona sapuma mosamala choncho.

"Mwanayu wagonera chiyani?"

"Tsitsa mawu, mkazi iwe. Makoma awa ndi a khonsolo."

"Ndati mwanayu wagonera chiyani?"

"N'za mpaka mawa masana basi. Belu likangoleka kulira ndichibweza. Ndani angakafufuze pansi pa khanda?"

"Ndiye mwayang'ana tauni yonse, wolimba mtima woti asunge katundu wa a Meya mwapeza uyu wopanda mano?"

Gilbert anasekera m'mphuno, kuseka kosafika pamtima, n'kutembenukira kukhoma. "A Meya Lovibond anena okha. Ndikakana, Lolemba tituluke muno. Ukagona kuti ndi mwana, chisanu chili pakhomo chonchi?"

Keziah anabadwira kumunsi kwa tauni, kumzere wa oomba nsalu, kumene mtsinje unkayenda wofiira lero, wakuda mawa, malinga ndi utoto umene autayiramo. Bambo ake, a Obadiah Frith, sankaponda m'tchalitchi. Lamlungu ankapemphera ndi anzawo m'nkhokwe ya tirigu, wina ataima panja kuyang'ana alonda. Mayi ake anamwalira iye ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo atakwana khumi ndi ziwiri anayamba kuchapa kuholo ya khonsolo. Makhansala onse khumi ndi awiri anawadziwira pa mikanjo yawo asanawadziwe nkhope: uwu ndi wa amene amadontheza msuzi, uwu wa amene amanunkha fodya, uwu wa amene amatafuna kolala akakwiya. Akaiyanika pachingwe kuseri kwa holo, mphepo inkaidzaza, mikanjo n'kumaweramirana, kukankhana, ina kutembenukirana msana. Keziah ankakhala pa ndowa yovundikira n'kumaonerera khonsolo yake yopanda mitu mpaka dzuwa kupendeka.

Kumeneko ndiko anakumana ndi Gilbert, wonyamula chibonga, amene ntchito yake inali kuyenda patsogolo pa a Meya chibongacho chili paphewa, nkhope ili gwaa. Iyeyo ankachinyamula, koma wochipukuta ndi phulusa ndi kansalu ka ubweya anali Keziah. Atakwatirana anapatsidwa zipinda za pachipata, zimene zinkayendera limodzi ndi ntchitoyo.

Ali mwana, anthu a ku Harnwick ankakangana za nkhumba zolowa mumsika ndi za mlatho wogumuka. Kenako kunabwera maliboni ochokera ku London. Ofiira anali a tchalitchi ndi a mfumu; obiriwira anali a oomba nsalu, ogulitsa zikopa ndi opemphera m'nkhokwe. Pasanathe zaka zitatu buledi naye anali ndi mbali yake, mowa uli ndi mbali yake, ndipo wovala liboni yofiira ankalolera kuyenda ndi nsapato yong'ambika mwezi wathunthu kusiyana n'kuisokesa kwa wobiriwira. Mlatho unakhalabe wogumuka. Keziah sanavalepo liboni. Ankachapa mikanjo ya mbali zonse m'madzi amodzi, osauza munthu.

Mwambo wa Harnwick aliyense ankaudziwa. Tsiku la Mikayeli Woyera belu la holo linkalira ola lathunthu kufika pakati pa usana, ndipo meya watsopano ankayenera kulumbira dzanja lili pa chibonga belulo lisanaleke. Likaleka asanalumbire, meya wakale ankakhalanso chaka china. Tsikulo linali mawa lake. Chaka chimenecho obiriwira anali asanu ndi awiri m'khonsolo, ofiira asanu okha. A Lovibond, meya wofiira, anawerenga mitu n'kuitanira Gilbert kuseri.

Usiku umenewo Keziah sanabwerere pabedi. Anatenga Damaris n'kukhala naye pawindo. Kamsana ka mwanayo kanali kozizira mzere umodzi, pomwe panali chitsulo, ndipo anakasisita mpaka kutentha kubwerera. Kunja nkhungu inali itakwera kuchokera kumtsinje, yameza misewu, yasiya madenga okha akuyandama ngati ngalawa zosamangirira. Maso anayamba kumulemera. Anaona mikanjo khumi ndi iwiri ikutuluka m'holo popanda ovala, ikuyenda pamwamba pa nkhungu, ikulowa pawindo umodziumodzi, ikuzungulira kabedi kopanda mwana, manja ake opanda zala akufufuza mu udzu. Sinali yaukali. Inkangofufuza mwaulemu, ikununkha sopo wake. Wina unatembenuka n'kumutambasulira manja kuti aupatse mwanayo. Anadzidzimuka, Damaris akuyamwa chala, kunja kukuyera.

Gilbert anavala msangamsanga. "Ndikupita kwa achimwene ku Linsey. Akandifuna unene kuti ndadwala m'mimba, ndapita kukafuna mankhwala."

"Odwala m'mimba ayenda mtunda wonsewo?"

"Iwe ingonena."

"Nanga ine ndi mwana?"

"Mkazi ndi khanda sangawachite kanthu." Anapsompsona Damaris pamutu, maso osakumana ndi a mkazi wake, n'kutsika masitepe. Nkhungu inamumeza asanafike n'komwe pamphambano.

Patangopita nthawi pang'ono, kunsi kwa windo kunamveka chifuwa chimene Keziah ankachidziwa chibadwire.

"Keziah! Kodi a Chibonga adzuka, kapena akupumitsa phewa?"

"Bambo, kwerani, musafuule pamsewu."

"Ndikwere m'nyumba ya ofiira? Maondo anga ndi obiriwira, mwanawe, akana."

Keziah anatsika yekha, mwana ali m'manja. A Obadiah anali ndi liboni yatsopano pachipewa ndi tsekwe wonyonyola kukhwapa, wa phwando la tsikulo. Anamugwira Damaris tsaya ndi chala chakuda ndi utoto.

"Taonani kachiphadzuwa. Iwe ndiwe wathu, eti? Usatengere abambo ako kuyenda ngati anameza mtengo." Kenako anatsitsa mawu. "Bokosi la chibonga alipeza lili pululu. Woyatsa moto m'holo ndiye waulula. A Crake, mtsogoleri wa ife obiriwira, atenga kale kalata kwa woweruza, belu likangoyamba akuyamba kufufuza nyumba ndi nyumba. Ayambira pachipata pano."

"Akachipeza kwa munthu?"

"Siliva wa tauni ameneyo. Kuba kotero n'kwa chingwe, mwana wanga, sikwa chindapusa. Ndipo a Lovibond adzakhala oyamba kunena kuti wakubayo sakumudziwa." Anamuyang'ana nthawi yaitali, monga ankayang'anira nsalu pofuna ulusi woduka. "Mwamuna wako ali kuti?"

"Adwala m'mimba."

"Ehe. Matenda a tsiku la Mikayeli." Anasuntha tsekwe kumuika kukhwapa lina. "Ine sindinafunse kanthu, iwe sunayankhe kanthu. Koma chipinda cha mayi ako chija chilipo. Muli ubweya, koma ubweya umasunthika. Denga limadontha pakona imodzi yokha."

"Nanga Gilbert?"

"Ngati angapirire kudya ndi anthu a m'nkhokwe, supuni ilipo. Kuomba nsalu ndimuphunzitsa. Phewa ali nalo kale."

Anapita akutsokomola, liboni ikuzimirira mu nkhungu.

Keziah anakweranso n'kuima pakati pa chipinda. Anayang'ana ng'anjo imene sinkabweza utsi, windo lagalasi lenileni, khoma lochindikala limene chisanu sichinkalipyola. Kumzere wa oomba nsalu ana ankatsokomola kuyambira Novembala mpaka maluwa atatuluka, ndipo ena sankafika pa maluwawo. Anawadziwa mayina. Anamukumbatira Damaris mpaka mwanayo anadandaula.

Akachisunga chibongacho, mwina osaka sangagwire kabedi. Mwina. Koma a Crake anali ndi ana asanu ndi atatu, ankadziwa kulemera kwa kabedi ka mwana. Akachitaya mumtsinje, tauni idzafunsa wonyamula chibonga, osati a Meya. Njira iliyonse imene ankaitsata m'maganizo inkathera pa khosi la Gilbert, lija linali ndi kachipsera ka lumo pansi pa khutu. Inatsala imodzi yokha, ndipo imeneyo inkathera pakhomo la bambo ake.

Chaka chilichonse m'mawa wa tsikuli, Keziah ndiye ankalowa m'holo pakhomo lakuseri kukayala nsalu yoyera patebulo la khonsolo ndi kuikapo katsamiro kogonekapo chibonga. Kiyi anali naye. Palibe mlonda ankayang'ana m'dengu la wochapa.

Anatulutsa chibongacho mu udzu, n'kuchipukuta ndi m'mphepete mwa siketi yake, n'kuchikulunga mu nsalu yoyerayo. Anaganiza zokachigoneka pa katsamiro kake monga mwa masiku onse, kenako n'kukhala pambali pake ndi mwana mpaka makhansala alowe, ofiira ndi obiriwira omwe, kuti aliyense aone kuti chinali kwa wochipukuta ndipo chafika nthawi yake. A Lovibond adzamuyang'ana, adziwa, ndipo zipinda za pachipata zidzapita. Keziah akachoka kuholoko abwera kudzamanga miphika ndi mabulangete, n'kutuma uthenga ku Linsey kuti wodwala m'mimba uja akachira asadzere pachipata, atsikire kumunsi kwa tauni.

Anayika dengu pachiuno, mwana kudzanja linalo, n'kuyamba kutsika masitepe.