Dzanja la Pankhokwe

Lameck, mwana wa a Benedeta a pa esiteti ya fodya kuseri kwa Nsaru, anatalika ngati akupikisana ndi bulugamu. Makolo ake anali matenanti ochokera ku Mulanje, onse awiri aafupi. Msinkhu umenewo anautola kuti, mpaka lero palibe akudziwa. Akagona pamphasa, mapazi amatsala padothi.

Nthawi yokolola ndiye amaseketsa anthu. Ngolo simafika pankhokwe ya amake chifukwa panali ngalande, ndiye ena onse amasenza madengu. Iye ayi, ulesi. Amangoima pangolo pompo n'kumaponya chimanga chimodzichimodzi, kudumphitsa ngalande, phu! m'nkhokwe.

"Chigwe pansi chimodzi, uone," amatero amake. Sichimagwa.

A Gladson, aphunzitsi a ku Namitete, anamuona pamsika mutu uli pamwamba pa anthu onse, n'kumukokera ku timu yawo ya basiketibolo, mpira uja woponya m'ringi yopachika m'mwamba. Lamulo lawo linali limodzi: "Wamtali malo ake ndi pansi pa ringi. Ima pompo ngati mzati, akakupatsa ungoikamo."

Chaka cha 2003 kunabwera timu ya kampani ina ya ku Lilongwe kudzasewera nawo. Amafuna munthu mmodzi, ndipo womutengayo amakamupatsanso ntchito. Lameck amadziwa kuti akamusiya, basi, ndi utenanti. Akapitawo a pa esiteti anali atamulozera kale ndime yake ya fodya.

Mpira utayamba, a m'tauni aja anamuikira zimphona ziwiri, china kutsogolo, china kumbuyo. Mpaka kupumula mpira sanaugwire. Anangoima pansi pa ringipo, akumupondaponda ngati thumba pachigayo. Ndiye anayamba kudzifunsa: kodi nditachokapo pano, awiriwa anditsata kapena atsala?

Anatuluka, n'kukaima kunja kwa mzere wokhota uja, kumene ukagoletsa amawerenga zitatu. Zimphona zija zinatsala, zikuseka.

"Lameck! Kumeneko wataya chiyani?" anakuwa a Gladson. "Bwerera, iwe!"

Mpira unamupeza ali komweko. Atayang'ana, ringi ija inali nkhokwe basi, anthu onsewo ngalande. Anaponya. Phu! Patapita kanthawi, phu! kachiwiri.

Apa zimphona zinamuthamangira zonse ziwiri. Pansi pa ringi panatsala pambalambanda, ndipo Lazaro, mnzake wamfupi kuposa onse mu timumo, analowa ngati akulowa kwa azakhali ake, n'kugoletsa. Eti kutalikira kwa munthu mmodzi n'kutsegulira anzake khomo! A m'tauni mutu unaima. Akamusiya, amaponya, nanga dzanja lili kumwambako angalifike ndani? Akamutsata, Lazaro amalowa.

Tisaname, a ku Namitete anagonjabe. Koma mpira utatha, akochi a m'tauni anapita kwa Lameck, khosi atalipinda chagada.

"Achimwene, zoponyera kutalizi munaphunzira kuti?"

"Pankhokwe, bwana."

"Timu ya kuti imeneyo?"

A Gladson anafulumira kulowererapo: "Ndi ine ndakhala ndikumuphunzitsa, pang'onopang'ono."

A Benedeta anali pomwepo, atabwera wapansi kuchokera ku Nsaru. "Aphunzitsi, musachimwe masana ano. Inu si mumakuwa kuti abwerere? Umenewu ndi ulesi wake, amakana kusenza dengu."

Anamutenga. Ndime ya fodya ija akapitawo anapatsa wina. Ku Lilongwe anasewera zaka zisanu ndi ziwiri mpaka mawondo anayamba kudandaula, koma ntchito ya pakampaniyo akugwirabe.

Chaka chilichonse pokolola amabwera kwa amake. Ngalande ija anaikwirira kalekale, ngolo ikhoza kufika mpaka pankhokwe penipeni. Koma iye amaimitsabe ng'ombe patali pomwe paja, n'kuvula jekete.

"Chigwe pansi chimodzi, uone," amatero a Benedeta, ali pamthunzi.