Maso Achikasu pa Chithunzi cha Pasipoti

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha mvula. Ndinausa pakhonde la situdiyo ina pafupi ndi msika wa pa Mzimba Boma, ndipo mwini wake, mayi NyaJere, anandifunsa ngati ndimadziwa kompyuta. Ndinati eya, chonsecho ndinkangodziwa poyatsira.

Anandiphunzitsa kukhazika munthu kutsogolo kwa nsalu yoyera, kumuwongola chibwano, kuona kuti makutu onse akuoneka, kenako kudina kamera, kudula chithunzi pa kompyuta n'kutumiza ku pulinta. Makasitomala athu ambiri ankafuna zithunzi za pasipoti, thupi lili ku Mzimba, mtima uli kale ku Joni.

Tsiku lina kunabwera a Mhango, bambo wocheka matabwa ku Luwawa. Anafika ali wefuwefu. Zithunzi zawo zitatuluka, maso anali achikasu ngati papaya. Ndinainyoza pulinta! Ndinasintha inki, ndinachepetsa chikasu pa kompyuta mpaka nkhope inatuwa, koma maso osatheka.

Mayi NyaJere anayang'ana mapepala owonongekawo, kenako mwini nkhope. Anawatulutsa panja padzuwa.

"Adada, mkodzo wanu ukuoneka bwanji masiku ano?"

Ine manyazi anandigwira, koma a Mhango anaseka. "Amama, ndabwera kudzajambulitsa nkhope, osati vinyake! Mbwenu uli ngati tiyi wopanda mkaka."

Anavomeranso kuti chakudya sichikulowa, akumva nseru, akutopa msanga, ndipo kumanja pansi pa nthiti kukupweteka. Iwo ankati ndi malungo chabe, atha okha ali m'basi ya ku Joni.

"Mlongo wanga anayamba chonchi, ife n'kumati malungo," anatero mayiwo, kuseka kutatha. "Tinamuika m'manda. Joni sathawa, adada. Kwerani kabaza, kuchipatala."

Kumeneko anawayeza magazi n'kupeza kachilombo kotupitsa chiwindi. Analandira chithandizo, akazi awonso anayezedwa. Patapita miyezi anatulukira pakhomo atanenepa, maso ali mbee.

"Yewo chomene," anatero akukhala pampando. "Jambulani tsopano, ndamva kuti pulinta yanu inachira!"

Tinaseka mpaka misozi. Koma nditatsala ndekha ndinachita mantha. Ndikanakhala katswiri tsiku lija, ndikanayeretsa maso aja pa kompyuta, a Mhango n'kukwera basi ndi chithunzi chokongola m'thumba. Mpaka lero, chithunzi chikatuluka modabwitsa, ndimayamba ndayang'ana munthuyo, makina pambuyo.