Lamba wa a Hilarión pachifuwa cha a Fermín

A Hilarión Condori analowa mumgodi wa ku Oruro ndevu zisanamere, ndipo anatulukamo imvi zili mbuu, mapapo atadzaza fumbi la miyala. Chimene mgodi sunawalande ndi lipenga. Chaka chilichonse pa chikondwerero cha Karnavali ankaguba ndi gulu la oimba, kuchokera kumunsi kwa tawuni mpaka ku tchalitchi cha anthu a m'migodi, masaya atafufuma.

Chifuwa chawo chinkabwera osagogoda. Lero ali bwino, mawa ali m'chipatala, paipi ya mpweya ili kumphuno. Ndiye a kuchipatala anawapatsa lamba womanga pachifuwa. Lambayo ankamva kapumidwe kawo, ngati kakufulumira kapena kakuperewera, n'kutumiza uthenga kwa namwino. Kapumidwe kamasintha munthu asanadzimve kudwala, choncho mankhwala ankayamba msanga. Akazi awo, a Basilia, anamukonda lambayo. A Hilarión ankamutcha kazitape.

Chaka china, Karnavali itayandikira, anaona okha kuti chitunda cha kumsika chayamba kuwatalikira. Anadziwa kuti kazitape aulula, ndipo namwino awaletsa kuguba. Anapita kwa a Fermín Ticona, mnzawo wa mumgodi amene anawaimira mwana pa ubatizo, n'chifukwa chake ankaitanana kuti compadre. Awiriwa ankabwerekana chilichonse kuyambira kale: nyali, nsapato, masamba a koka otafuna.

"Compadre, vulani malaya."

"Mwapenga? Kuzizira konseku?"

"Muvale lamba uyu, mundipumireko mpaka Karnavali idutse. Inu mapapo anu ndi atsopano, mumgodi munkangogona."

"Ndinkagona chifukwa lipenga lanu linkandisowetsa tulo kunyumba," anatero a Fermín, koma anakweza manja. Iwo anali asanapondepo kuchipatala, ndipo ankanyada nazo.

Sabata isanathe namwino anafika kwa a Hilarión wefuwefu, chikwama m'manja. Anawapeza pakhomo akupukuta lipenga.

"Don Hilarión, kapumidwe kanu kandiopsa. Tiyeni kuchipatala pompano."

"Ine? Ndili bwinobwino, mwanawe."

A Basilia anawakweza juzi. Pachifuwa panalibe kanthu.

"Nkhalamba yopanda manyazi inu! Lamba ali kuti?"

A Hilarión anazyolika. Kenako anaimirira, lipenga n'kugwa pansi.

"Ngati zili zoopsa, tithamangire kwa a Fermín."

Anakawapeza a Fermín atatsamira khoma, milomo itada, akuumirira kuti ndi chimfine chabe. Linali fumbi lomwe lija. Atathamangira nawo kuchipatala, dokotala anati akanachedwa ikanakhala nkhani ina. Namwino anayezanso a Hilarión pomwepo, n'kupukusa mutu. Za kuguba zinathera pamenepo, ndipo eni ake sanatsutse.

Pa tsiku la Karnavali a Basilia anaika mipando iwiri m'mbali mwa msewu. Nkhalamba ziwirizo zinakhala pamenepo zitafunda bulangeti limodzi, aliyense ndi lamba wake. Gulu la oimba litafika, a Hilarión anagoneka lipenga pamiyendo. Zala zinadina nyimbo yonse mpaka kumapeto, koma pakamwa sanaliike.

"Mwalakwitsa penapake," anatero a Fermín.

"Sungani mpweya, compadre. Kazitape akumva."