Thadzi Limene Linameza Jeti

Mbale yachitsulo yoyera ija, yothetheka m'mphepete, sinadyerepo munthu chilimwe chonse chija. Amalume anaitenga pathandala la amayi n'kumaikamo tizitsulo ta m'kabuleta. Mpaka lero ndikamva fungo la petulo ndimaona mbaleyo pansi pa mtengo wa nimu.

Njinga yamotoyo anachokera nayo ku Mozambiki, kudzera pa Marka, akuikankha. Inali yakale kuposa iwo eni. Anaipala dzimbiri, anasoka mpando, anaipaka utoto wofiira, koma kuyenda ayi. Akaponda kiki inkatsokomola ngati nkhalamba yosuta fodya, n'kukhala chete, petulo akudontha pansi.

"Vuto ndi kabuleta," ankatero. Ndi pamene petulo amasakanikirana ndi mpweya kuti injini idye. Ankamasula m'mawa, kuuzira timabowo ndi pakamwa, kutokosa ndi kawaya, kumanga, kuponda, kumasulanso. Milomo yawo inachita kutuwa ndi petulo.

Amayi anali oyembekezera, ngakhale ine anandiuza kuti akhuta mapira. Bambo anali kodula nzimbe ku Nchalo, chipatala chili kutali, ndipo pa ine ngolo inachedwa, ndinabadwira m'njira. Ndiye amalume analonjeza kuti ulendo uno alongo awo apita panjinga ngati bwana. Amayi ankaseka. "Achimwene, mwanayu adzayamba kuyenda njinga yanuyo isanayende." Koma madzulo aliwonse ankafunsa ngati yalirako.

Tsiku lina amalume anapeza chovuta. Jeti, kachitsulo kachikasu konga njere ya chimanga, inali itatsekeka ndi zinyalala za petulo wa m'mabotolo. Anaitsuka, anaisuzumira padzuwa, anaiika m'mbale, n'kuyamba kuvina. Thadzi la amayi lamawangamawanga linafika, linapendeketsa mutu, linajompha. Basi, lameza.

Sindinaonenso munthu wamkulu akuthamanga chotero padzuwa la ku Nsanje. Analigwira kuseri kwa khola la mbuzi n'kuitanitsa mpeni. Amayi anakana. Thadzilo ankalisungira msuzi wodzamwa akachira. "Mukalipha, ndidzamwa petulo wanuyo?"

Anagwirizana zolimanga mwendo pamtengo n'kudikira. Amalume, munthu wa ndevu zake, ankanyonyomala kumbuyo kwa nkhuku ndi kamtengo, kutakasa zitosi. Opita kudimba ankaima n'kufunsa kuti odwala agona bwanji. Analimwetsa mafuta ophikira, lokha linangonenepa. Aphunzitsi podutsa anafotokoza kuti nkhuku imasunga zolimba m'nthutumba kuti iziperera chakudya, sizituluka. Amalume anawayankha kuti si nkhuku zonse zinapita kusukulu. Lero, mwana wanganso ali kumsana, ndimaona kuti kusekedwa ndi mudzi wonse kunali kopepuka kwa iwo kusiyana ndi kulanda msuzi wa alongo awo.

M'mawa wina ndinadzuka n'kupeza amayi akusosola nthenga. Analipha okha, osauza munthu. Atang'amba nthutumba, pakati pa timiyala jeti ili phuliphuli, yowala kuposa mmene amalume anaitsukira. Amalume anaombera m'manja nkhuku yakufayo. "Takhuta, mai," anathokoza m'Chisena.

"Mangani tsopano," amayi anati. "Osavina."

Amalume anamanga kabuleta ija. Atangoponda, njinga inalira, mbuzi zinabalalika, utsi unadzaza bwalo lonse. Ine maso anga anali papoto. Nkhuku tsiku wamba, popanda mlendo! Amayi anandipakulira ntchafu yathunthu, koma iwo sanakhale pansi. Ankayenda uku ndi uku, n'kuima, n'kugwira khoma ndi manja awiri, thukuta lili kamukamu, osayankha ndikawaitana. Kenako anamanga kampukutu ka zitenje, anandipereka kwa amayi a nyumba yoyandikana, n'kukwera kumbuyo kwa amalume chammbali.

Ndinatsala pakhonde ndikukukuta fupa, ndili ndi chisoni kuti amayi akwiya chotero chifukwa cha nkhuku.